Kumanga kompyuta yoyenda ndi macOS: malangizo a pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene amayesa kuika macOS, pulogalamu yoyendetsa makompyuta a Mac a Apple, pa kompyuta wamba amagwera malo amodzi. Amayamba agula zipangizo, kenako n'kumafunsa ngati zigwira. Akafika kunyumba amakopera foda ya EFI (ya mafayilo oyatsira makina) imene munthu wina anaika pa intaneti, n'kuyatsa makina, sikirini n'kudzaza zolemba zoyera mpaka kuima. Mawa lake ali m'tauni, akulowa shopu ndi shopu mu Cairo Road ndi Freedom Way kufuna woti awakonzere. Chimene sanauzidwe n'chakuti macOS imangodziwa zipangizo zofanana ndi zimene Apple inaikapo m'makina ake. Zina zonse imazikana, ndipo siinena chifukwa.

Makina otere amatchedwa Hackintosh. Kuno ku Lusaka amawafuna kwambiri ndi anyamata a masitudiyo ofuna Logic Pro, ojambula maukwati ofuna Final Cut Pro, ndi ophunzira ofuna Xcode kuti alembe mapulogalamu a iPhone. Musanatulutse ndalama, dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, chilolezo cha macOS chimanena kuti iziikidwa pa makina a Apple okha, ndiye mukachita izi musayembekeze thandizo la kampaniyo, ndiponso musamange makina otere kuti muzigulitsa. Chachiwiri, Apple inayamba kusiya mapurosesa a Intel mu 2020, ndipo mu 2025 inalengeza kuti macOS 26 Tahoe ndi yomaliza kuyenda pa Intel. Ine ndikuona chonchi: ngati mukufuna kugula zonse zatsopano, ndalamazo sonkhanitsani mugule Mac mini. Ya M4 inatuluka mu 2024 pa mtengo woyambira madola 599 ku America, ndipo ngakhale muwonjezepo zonyamulira ndi msonkho, mudzagona tulo. Malangizo awa ndi a munthu amene ali kale ndi zipangizo zina, kapena wapeza zogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino.

Zimene mukufunika

- Purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8, 9 kapena 10, ndi motherboard yake
- RAM yosachepera 16 GB ngati ndi ya nyimbo kapena mavidiyo
- Ma SSD awiri, ina ya Windows, ina ya macOS
- Power supply yodalirika, ndi khadi ya zithunzi ya AMD ngati mukuifuna
- Mafulashi awiri, imodzi ikhale ya 32 GB
- Chingwe cha Ethernet ndi rauta yokhala ndi polowetsa chingwecho
- Kiyibodi ndi mausi za chingwe
- Sikuludiraiva ya nyenyezi, thermal paste ndi batire yatsopano ya CR2032
- UPS kapena inveta
- Mapulogalamu aulere awa: OpenCore (imene imayatsa macOS pa kompyuta wamba), ProperTree, GenSMBIOS, SSDTTime, USBToolBox, GPU-Z, HWiNFO ndi Python
- Kope ndi cholembera, komanso malangizo a pa intaneti a Dortania, ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka OpenCore, otsegula pa foni

1. Sankhani zipangizo mogwirizana ndi macOS

Apa ndi pamene ntchito imatheka kapena kulephereka, ndiye tikhalapo pang'ono.

Purosesa yosavutitsa ndi monga i5-8400, i5-8500, i7-8700, i5-9400 kapena i5-10400. Zonsezi zili ndi gawo la zithunzi la UHD 630 m'kati mwake, limene macOS imalidziwa, moti mutha kuyamba opanda khadi ya zithunzi. Samalani ndi chilembo F kumapeto kwa dzina. I5-9400F ilibe gawo la zithunzi, ndipo popanda khadi simudzaona kanthu. Kuyambira m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo purosesa imatha kugwira, koma gawo lake la zithunzi silidziwika ku macOS. Ryzen nayo imatheka, kungoti imafuna zigamba zapadera, ndipo mapulogalamu ena a nyimbo ndi a Adobe amavutapo. Woyamba kumene aisiye.

Khadi ya zithunzi ndi imene yadya ndalama za anthu ambiri. Makhadi a Nvidia amene achinyamata amakonda pa magemu, monga GTX 1050 ndi GTX 1060, amathera pa macOS High Sierra ya 2017, ndipo GTX 1650 ndi ma RTX onse sanagwirepo pa macOS iliyonse. Pitani ku AMD: RX 570, RX 580, RX 5700, RX 6600 kapena RX 6600 XT. Ngakhale ku AMD kuli misampha, chifukwa RX 6400 ndi RX 6500 XT sizigwira, RX 6700 XT siidziwika payokha, ndipo ma RX 7000 ayi ndithu.

Msampha waukulu ndi RX 580 yotchipa yolembedwa 2048SP, imene yadzaza m'misika ya pa intaneti. Pa bokosi ndi RX 580, koma macOS siiona choncho. Musanalipire, pemphani wogulitsa aike khadiyo pa makina a m'shopu, mutsegule GPU-Z, muone pamene palembedwa Device ID. RX 570 ndi RX 580 zenizeni zimaonetsa 67DF. Ikaonetsa 6FDF, ibwezeni mwaulemu. Wogulitsa wokana kuyesa khadi pamaso panu musiyeni, mashopu ndi ambiri.

Pa SSD, pewani Samsung PM981, Samsung PM991 ndi Micron 2200S. Izi zimapezeka kwambiri chifukwa zimachotsedwa m'malaputopu akale n'kumagulitsidwa paokha, ndipo pa macOS zimaimitsa makina mwadzidzidzi. Intel Optane nayo ayi. Ma Western Digital monga SN570 ndi SN770 amayenda bwino, ndipo SSD wamba ya SATA siikana.

Za Wi-Fi musazilingalire tsopano. Makhadi a Broadcom amene kale ankangogwira okha, monga Fenvi T919, anasiya kudziwika kuyambira pa macOS Sonoma mu 2023. Chingwe chikukwanirani.

Makompyuta a m'maofesi obwera kuchokera kunja, monga Dell OptiPlex 7060, HP EliteDesk 800 G4 ndi Lenovo ThinkCentre M720, ali ndi mapurosesa a m'badwo wa 8 ndipo amatheka. Vuto lawo ndi BIOS (pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba makina akangoyatsidwa) yobisa zinthu zina, komanso power supply yaing'ono imene singanyamule RX 580.

2. Mangani makina, muike Windows kaye

Khudzani chitsulo cha kesi musanagwire purosesa kapena RAM, makamaka m'miyezi youma pamene thupi limasunga mphamvu yothetheka. Purosesa ikhale molingana ndi kachizindikiro ka makona atatu, osaikakamiza. Thermal paste ikhale kadontho kamodzi pakati. RAM ziwiri zilowe m'mipata imene buku la motherboard lanena, kawirikawiri wachiwiri ndi wachinayi. Ngati motherboard ndi yakale, sinthani batire ya CR2032 lero lomwe. Chifukwa chake muchiona kutsogoloku.

Lumikizani SSD ya Windows yokha, muike Windows, mugwiritse ntchito makinawo masiku angapo. Mukufuna kutsimikiza kuti RAM ndi yabwino, fani ikuzungulira, ndipo makina sakuzima okha. Mukalumpha sitepe iyi, tsiku limene macOS idzaime simudzadziwa ngati vuto ndi fayilo yanu kapena RAM yowonongeka.

Chenjezo: ngati mukufuna kukweza BIOS, chitani tsopano, makina ali pa UPS. Magetsi akazima BIOS ili pakati polembedwa, motherboard ikhoza kufa.

3. Lembani zimene muli nazo, mupange mapu a USB

Tsegulani HWiNFO, mulembe m'kope dzina lenileni la purosesa, chipset ya motherboard, chipu ya mawu ndi chipu ya Ethernet. Chipu ya mawu idzaoneka ngati ALC887, ALC892 kapena ALC1220. Ya Ethernet kawirikawiri ndi Intel I219 kapena Realtek RTL8111.

Kenako tsegulani USBToolBox muli pa Windows pomwepo. macOS imalola madoko 15 okha pa controller imodzi, ndipo doko limodzi la USB 3 limawerengedwa kawiri, chifukwa lili ndi mbali ya USB 2 ndi ya USB 3. Motherboard yambiri imadutsa malirewa. Dinani D kuti pulogalamu iyambe kufufuza, ndiye mulowetse mausi m'doko lililonse, kenako fulashi ya USB 3 m'doko lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo, mukudikira kuti lioneke pa sikirini musanachotse. Mukatha sankhani madoko osapitirira 15, musiye amene simudzawagwiritsa ntchito, mupange UTBMap.kext (kext ndi fayilo yothandiza macOS kugwira ntchito ndi zipangizo). Ndi ntchito yotopetsa, koma ikupulumutsani ku mavuto atatu nthawi imodzi: fulashi kusowa pakati poika, kiyibodi kufa, ndi makina kukana kugona.

4. Konzani fulashi yoikira

Yambani mwayesa fulashiyo ndi pulogalamu ya H2testw. Mafulashi ena a m'misewu amalembedwa 32 GB koma m'kati muli malo ochepa, ndipo mafayilo amawonongeka mwakachetechete.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya pa Windows. Fulashi ikhale FAT32. Mu foda ya OpenCore, pansi pa Utilities, muli macrecovery, ndipo m'menemo muli fayilo ya recovery_urls.txt yokhala ndi lamulo la macOS iliyonse. Mukaliyendetsa ndi Python limatsitsa mafayilo awiri amene mumawaika mu foda yotchedwa com.apple.recovery.boot pa fulashi. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti macOS yeniyeni, ya pakati pa 12 ndi 15 GB, imatsitsidwa pa nthawi yoika, ndipo mukalephera n'kuyambanso, bandulo inanso yapita.

N'chifukwa chake kwa ife kuno ndimalimbikitsa njira yachiwiri. Pezani mnzanu amene ali ndi Mac yeniyeni, mutsitse macOS yonse kamodzi pa intaneti yopanda malire, muipange fulashi ndi lamulo la Apple lomwe:

sudo /Applications/Install\ macOS\ Sonoma.app/Contents/Resources/createinstallmedia --volume /Volumes/MyVolume

Fulashiyo iyambe yafufutidwa ngati Mac OS Extended ndi GUID Partition Map, n'kupatsidwa dzina la MyVolume. Mukakhala nayo mutha kuyesa kambirimbiri osawononga data. Sankhani Sonoma kapena Sequoia. Tahoe muisiye mpaka mutazolowera.

Musatenge macOS yosinthidwa ndi anthu osadziwika, ija amati ingoikani basi zonse zili momwemo. Simukudziwa chimene anaikamo, ndipo inu mudzalembamo mapasiwedi anu.

5. Mangani foda ya EFI nokha

EFI ya munthu wina ili ngati magalasi a maso a mnzanu: mutha kuonako pang'ono, koma mutu udzakupwetekani. Ngakhale motherboard ikhale yofanana, iye ali ndi BIOS ina, khadi ina, ndi nambala za makina zimene mwina anthu mazana akugwiritsa kale ntchito.

Tsitsani OpenCore ya DEBUG, chifukwa imalemba fayilo yofotokoza pamene yaima. Tengani foda ya EFI imene ili mu X64, muchotse zosafunika. Mu Drivers musiye OpenRuntime.efi ndi ResetNvramEntry.efi, muwonjezere HfsPlus.efi. Mu Tools mutha kusiya OpenShell.efi yokha.

Mu Kexts muike Lilu, VirtualSMC, WhateverGreen ya zithunzi, AppleALC ya mawu, USBToolBox pamodzi ndi UTBMap yanu ija, ndi NVMeFix ngati SSD ndi ya NVMe. Ya Ethernet ndi IntelMausi pa I219, RealtekRTL8111 pa Realtek wamba, kapena LucyRTL8125Ethernet pa Realtek ya 2.5 Gb. VirtualSMC imabwera ndi tina tambiri. Tengani SMCProcessor ndi SMCSuperIO, koma SMCBatteryManager ndi SMCLightSensor ndi za malaputopu, musaziike.

Mu ACPI mumalowa ma SSDT, mafayilo ofotokozera macOS za zipangizo za pa motherboard. Pa m'badwo wa 8 ndi 9 mukufuna SSDT-PLUG, SSDT-EC-USBX ndi SSDT-AWAC, ndipo ngati chipset ndi B360, B365, H310, H370 kapena Z390 muwonjezere SSDT-PMC. Z370 siifuna imeneyi. Pa m'badwo wa 10 SSDT-PMC siifunika, koma ma motherboard a Asus amafuna SSDT-RHUB. SSDTTime imatha kukupangirani kuchokera pa makina anu enieni muli pa Windows. Mafayilo ake akhale othera ndi .aml, osati .dsl.

6. Lembani config.plist

Koperani Sample.plist kuchokera mu Docs, muiike mu EFI/OC, muisinthe dzina ikhale config.plist, fayilo ya malamulo amene OpenCore imatsatira. Itsegulani ndi ProperTree yokha. Dinani Ctrl, Shift ndi R pamodzi, muloze foda ya OC. Pulogalamuyo ilemba yokha kext ndi SSDT iliyonse mu ndondomeko yoyenera, Lilu patsogolo. Nthawi iliyonse mukawonjezera kapena kuchotsa fayilo, dinani Ctrl ndi R. Ambiri amaponya kext mu foda n'kuiwala izi, kenako n'kumati kext siikugwira, pamene OpenCore sikudziwa n'komwe kuti ilipo.

Tsegulani tsamba la Dortania la m'badwo wa purosesa yanu, Coffee Lake kwa 8 ndi 9, Comet Lake kwa 10, mutsatire gawo ndi gawo osalumpha. Pano ndingotchula pamene anthu amapunthwa.

Mu DeviceProperties, pansi pa PciRoot(0x0)/Pci(0x2,0x0), pali AAPL,ig-platform-id. Ngati sikirini yalumikizidwa pa motherboard, ikani 07009B3E. Ngati muli ndi khadi ya AMD ndipo UHD 630 ikungothandizira kumbuyo, ikani 0300913E pa Coffee Lake kapena 0300C89B pa Comet Lake. Mtundu wake ukhale Data, osati String.

Mu Kernel, pa Quirks, yatsani AppleXcpmCfgLock ngati BIOS yanu ilibe pozimitsira CFG Lock, ndi DisableIoMapper ngati simunazimitse VT-d.

Mu Misc, ScanPolicy ikhale 0, Vault ikhale Optional, ndipo O akhale wamkulu. Pa Sonoma 14.4 kupita m'tsogolo, SecureBootModel ikhale Disabled pa nthawi yoika, apo ayi makina azingozima n'kuyakanso osamaliza.

Mu NVRAM, pa boot-args, lembani -v keepsyms=1 debug=0x100 alcid=1. Chija cha -v ndicho chimaonetsa zolemba m'malo mwa chizindikiro cha apulo, ndipo popanda icho simudziwa pamene mwaima. Wa khadi ya RX 5700 kapena RX 6600 awonjezere agdpmod=pikera. Pafupi pomwepo pali prev-lang:kbd. Isintheni ikhale String yolembedwa en-US:0, chifukwa mukaisiya mmene inabwerera mutha kulandiridwa ndi Chirasha.

Mu PlatformInfo ndi mmene makina anu amavala dzina la Mac. Coffee Lake ndi iMac19,1. Comet Lake ndi iMac20,1, kapena iMac20,2 pa i9. Purosesa yopanda gawo la zithunzi imatenga iMacPro1,1 kapena MacPro7,1. GenSMBIOS ikupatsani serial, board serial ndi UUID. Kaikeni serial imeneyo pa tsamba la Apple loonera waranti. Mukufuna likane, linene kuti silikuidziwa. Likaonetsa Mac yokhala ndi tsiku logulidwa, ndiye kuti ndi ya munthu wina kwinakwake, pangani ina. Pa ROM lembani MAC address, nambala yapadera ya chipu ya Ethernet yanu, popanda madontho.

Pomaliza yendetsani ocvalidate, imene ili mu Utilities ya OpenCore yomweyo. Ikadandaula, konzani musanapite patsogolo. Kenako ikani foda ya EFI pa fulashi. Pa fulashi yopangidwa ndi Mac, imalowa mu gawo lobisika la EFI limene mumalitsegula ndi pulogalamu ya MountEFI.

7. Konzani BIOS

Yambani mwabwezera zonse pa Optimized Defaults, muike tsiku ndi nthawi yolondola. Zimitsani Fast Boot, Secure Boot, CSM, Serial Port, Intel SGX, VT-d ndi CFG Lock ngati ikuoneka. Yatsani VT-x, Above 4G Decoding ndi XHCI Hand-off. SATA ikhale AHCI, osati RAID kapena Intel RST, chinthu chimene makina a Dell amakonda kubwera nacho. DVMT Pre-Allocated ikhale 64 MB kapena kuposa ngati mukugwiritsa ntchito UHD 630. Resizable BAR izimitseni, kapena muike ResizeAppleGpuBars pa 0.

Jambulani tsamba lililonse la BIOS ndi foni mukatha.

8. Ikani macOS

Onani kaye ndondomeko ya magetsi ya dera lanu. Kaya muli ku Chilenje, ku Matero kapena ku Kalingalinga, yambani malaiti atangobwera kumene, osati atatsala pang'ono kupita. UPS yaing'ono imangokupatsani mphindi zochepa zozimitsira makina, siingakumalizitseni ntchito yonse.

Zulani chingwe cha SSD ya Windows. Lowetsani fulashi kumbuyo, m'doko limene lili pa mapu anu, makamaka la USB 2. Yatsani, musankhe fulashi pa boot menu. Mndandanda wa OpenCore ukaoneka koma choikira palibe, dinani space bar, chifukwa choikira cha recovery chimabisidwa.

Zolemba zidzathamanga, nthawi zina n'kuima kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Dikirani. Mukafika pa sikirini ya zida, tsegulani Disk Utility, pa View musankhe Show All Devices, mufufute diski yonse, osati kagawo kake, ikhale APFS ndi GUID Partition Map. Tulukani, muyambe kuika.

Makina adzazima n'kuyaka okha kangapo. Nthawi iliyonse abwerere ku fulashi, ndipo pa mndandanda musankhe macOS Installer. Dzina limeneli likasowa n'kubwera dzina la diski yanu, sankhani limenelo. Apa anthu amalakwitsa posankhanso choikira cha pa fulashi, n'kuyambiranso pachiyambi osadziwa. Magetsi akazima pakati pa gawo ili, musalimbane nazo, fufutani diski muyambenso.

Ikakufunsani akaunti ya Apple, lumphani kaye.

9. Mukalowa m'kati

Panopa makina akuyaka chifukwa cha fulashi. Tsegulani gawo la EFI la SSD ndi MountEFI, mukopere foda yanu ya EFI m'menemo, muchotse fulashi, muyese kuyatsa. Ikayaka, tengani fulashi yachiwiri ija, muikemo EFI yomweyo, muilembe dzina, muisunge m'kabati. Imeneyo musaikhudzenso.

Mawu akapanda kumveka, si kuti chawonongeka. Nambala ya alcid, ija ya mu boot-args, ndi imene siinagwirizane. Tsamba la AppleALC lili ndi mndandanda wa nambala za chipu iliyonse. Yesani imodzi imodzi, mukuyatsanso makina nthawi iliyonse, ndipo muziyesa doko la kumbuyo ndi la kutsogolo lomwe. A masitudiyo ambiri izi siziwakhudza, poti audio interface ya USB monga Focusrite Scarlett imagwira yokha pa macOS.

Mukabwezera SSD ya Windows mudzaona kuti wotchi ya Windows yatsalira ndi maola 2. Chifukwa chake n'chakuti macOS imasunga nthawi ya UTC, imene dziko lonse limawerengerapo, pa motherboard, Windows n'kuiwerenga ngati ya kuno, pamene Zambia ili patsogolo ndi maola 2. Pa Windows tsegulani regedit, mupite ku HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\TimeZoneInformation, mupange DWORD yotchedwa RealTimeIsUniversal, muipatse 1.

Akaunti ya Apple mulowe pokhapokha mwatsimikiza kuti serial ndi yomwe mukhale nayo, ndipo Ethernet ikuoneka ngati en0, dzina limene macOS imapatsa cholumikizira choyamba cha intaneti. Kusinthasintha serial mutalowa kale kukhoza kutsekeretsa akaunti.

Ikaima, werengani mzere womaliza

Jambulani sikirini ndi foni, muwerenge mizere ya pansi. Fayilo ya opencore yothera ndi .txt imene yalembedwa pa fulashi nayo ikuuzani zambiri.

Ikaima pa EXITBS:START kapena EndRandomSeed, vuto lili mu Booter Quirks kapena CFG Lock. Fufuzani mawu oti MAT support mu fayilo ija. Ikakhala 1, yatsani RebuildAppleMemoryMap ndi SyncRuntimePermissions, muzimitse EnableWriteUnprotector. Ikakhala 0, monga zimachitikira pa makina ena a m'maofesi, tembenuzani zitatuzi.

Ikaima pafupi ndi apfs_module_start, yang'anani SSDT-AWAC. Mwina mulibe, kapena ili mu foda koma siinalembedwe mu config.plist.

Zolemba zikasokonekera n'kubwera chizindikiro choletsa, kapena mawu oti Still waiting for root device, ndiye kuti macOS yataya fulashi. Sinthani doko, muonenso mapu a USB.

Ikafika pa gIOScreenLockState kenako sikirini n'kuda, makina ali moyo koma zithunzi sizikutuluka. Onani ig-platform-id, onani agdpmod=pikera, onani CSM. Yesani DisplayPort m'malo mwa HDMI. Doko la VGA, limene mamonita ambiri akale a kuno amadalira, nthawi zambiri silitulutsa kanthu pa macOS, ndiye pezani monita ya HDMI kapena DisplayPort ngakhale yobwereka.

Ikanena kuti recovery server could not be contacted, ndi kext ya Ethernet, chingwe, kapena tsiku lolakwika. Ikanena kuti choikira ndi damaged, yambani mwaona tsiku mu BIOS musanatsitsenso chilichonse.

Ndiye pali vuto lija lofala kuno: dzulo imayenda bwinobwino, magetsi anapita usiku, lero yakana. Musathamangire kusintha EFI. Lowani mu BIOS. Batire ya CR2032 ikatha, makina akakhala opanda magetsi BIOS imaiwala zonse, CSM ndi Secure Boot n'kubwerera, tsiku n'kubwerera m'mbuyo. Tsegulani zithunzi zija munajambula, mubwezere chilichonse m'malo mwake.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi. Ikayaka simudziwa chimene chakonza, ikakana simudziwa chimene chawononga. Sinthani chimodzi, lembani m'kope, yesani. Mukasintha boot-args koma osaona kusiyana, chitani Reset NVRAM pa mndandanda wa OpenCore.

Kusakaniza mafayilo a OpenCore. OpenCore.efi, BOOTx64.efi, OpenRuntime.efi ndi config.plist zichokere ku mtundu umodzi. Kuika OpenCore.efi yatsopano pa config.plist yakale kumabweretsa madandaulo ambirimbiri, mwinanso kukana kuyaka.

Kudina Update tsiku limene yatuluka. Zimitsani zodzikweza zokha. Mukafuna kukweza, yambani ndi OpenCore ndi ma kext, muziyese pa fulashi ina, osati pa SSD kapena pa fulashi ya m'kabati, kenako musunge zonse ndi Time Machine, pulogalamu ya macOS yosungira mafayilo. Ngati muli pakati pa ntchito ya kasitomala, nyimbo kapena vidiyo ya ukwati, musakweze kanthu mpaka mutapereka.

Kutsatira vidiyo yakale. Mukamva akutchula Clover, MultiBeast kapena USBInjectAll ngati njira yokhazikika, dziwani kuti akunena za nthawi ina.

Kuikanso Windows ma SSD onse ali olumikizidwa. Windows imatha kulemba mafayilo ake mu gawo la EFI la diski ya macOS n'kuphimba OpenCore. Zikatero yatsani ndi fulashi ya m'kabati, mubwezere foda ya BOOT.

Kuumira pa power supply. RX 580 imafuna ya mawati 500 yokhala ndi chingwe chake cha mapini 8, osati zolumikiza za adaputala. Inveta yotchipa yosatulutsa pure sine wave imatha kulizitsa power supply kapena kuizimitsa magetsi akamasinthana, ndipo munthu n'kumaganiza kuti ndi macOS.

Kuiwala fumbi ndi mphezi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limatseka mafani, kutentha n'kukwera, makina n'kumazima pakati pa export. Musaike kesi pansi pa simenti, ndipo muziipemerera mwezi uliwonse itazima, mutagwira fani kuti isazungulire. Mvula ikayamba mu Novembala, kukachita ziphaliwali zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha Ethernet, chifukwa mphezi imalowanso kudzera pa chingwecho n'kuwotcha doko lomwe en0 yanu imadalira.